Injini Ikazima pa Mtsetse

Chaka chimene ndinali ndi pakati pachiwiri ndinkaphunzitsa sitandade 3 pasukulu ina kumunsi kwa mapiri a ku Biriwiri, koma ndinkakhala kumtunda, kumudzi kwa amuna anga. Nyumba za aphunzitsi pasukulupo zinali zochepa, ndipo zonse zinali kale ndi eni ake. Ndiye m'mawa uliwonse kutsika, madzulo aliwonse kukwera. Wapansi ulendowo ndi woti ngakhale ulawirire chotani umakafika ana atayamba kale kuimba pa asembule. Nditangokwatiwa ndinkayenda choncho, masiku ena nkukwera matola, lole ya kabichi imene inkatsika m'mawa ikatenga katundu kumadimba.

Amuna anga anali ku Joni, monga analili bambo awo ndi agogo awo kale. M'banja limenelo mwana wamwamuna amakula akudziwa kuti tsiku lina adzakwera basi ya kumwera. Atamva kuti ndikuvutika ndi ulendo, anagula njinga yamoto naipereka m'manja mwa akulu awo, alamu anga, kuti azichita kabaza. Pangano linali lakuti m'mawa, asananyamule munthu wina aliyense kapena thumba la mbatata, ayambe akanditula ine kusukulu. Mudzi wonse unandichitira kaduka. "Amadamu ali ndi dalaivala wawo," ankatero amayi pamjigo. Ine ndinkanyada, ndisaname.

Alamuwo anali munthu wosalankhula. Wamtali, wa mapewa otakata, mkulu wa mpingo, munthu woti akati "eya" ndiye kuti walankhula za tsiku lonse. Akulu a amuna ako si munthu woseka naye zachilamu ngati ang'ono awo. Ukamawapatsa madzi umagwada. Ndiye panjinga sindikanakhala motangadza kumbuyo kwawo, kapena kuwagwira m'chiuno. Ha, ndikanayamba bwanji? Ndinkakhala cham'mbali, miyendo yonse mbali imodzi, chitenje chokulunga bwino, dzanja lina pakaliyala, lina pachikwama cha mabuku. Pakati pa ine ndi msana wawo pankatsala mpata woti nkhuku nkukhalapo.

Pakati panga poyamba ndinapita padera, njinga ija isanagulidwe. Nthawi imeneyo nditangodziwa kuti ndaima, chimwemwe chake ndinauza aliyense: aphunzitsi anzanga, amayi akutchalitchi, ngakhale wogulitsa tomato pamsewu. Pasanapite nthawi magazi anayamba ndili m'kalasi, choko chili kumanja. Zitatha, amayi anga ondibala anabwera kuchokera ku Manjawira kudzandisamalira, ndipo tsiku lobwerera anandiitanira kuseri kwa nkhokwe.

"Mwana wanga, zinthu izi sizilengezedwa," anatero. "Si onse okusekerera amene amakufunira zabwino. Ukadzaimanso utseke pakamwa mpaka anthu adzaone okha ndi maso."

Apongozi nawonso ananena zomwezo m'mawu ena. Ine ndinapita kusukulu, za thupi la munthu ndinaphunzira, ndikudziwa kuti mawu sachotsa mimba. Koma amene sanaonepo zimene ndinaona tsiku lija asandiweruze. Ndinalumbira mumtima kuti ulendo wina ngakhale mphepo sidzamva.

Amuna anga anabwera pa Khirisimasi, nabwerera chaka chitangoyamba. Mvula ili mkati ndinadziwa kuti ndaimanso. Ndinawauza iwo okha pafoni, monong'ona, ndipo ndinawalumbiritsa kuti asauze ngakhale amayi awo. Kusikelo ndinkapita mobisa, pachipatala chaching'ono choyandikana ndi sukulu, nthawi ya buleki, anzanga ndikuwauza kuti mutu ukundivuta.

Msewu wochokera kumudziko ndi wafumbi, wa timiyala toterera, ndipo usanafike pa tala umatsika mtsetse wautali wokhotakhota. Potsika, kumanja kumakhala phiri, kumanzere phompho, ndipo pansi pake penipeni madimba a kabichi ndi mbatata ya kachewere. Munthu wokhala cham'mbali miyendo yake imalendewera kumanzere, ndiye nkhope yanga inkayang'ana kuphomphoko ulendo wonse. Kale sindinkasamala. Alamu ankatsika pa giya yaing'ono, injini ikulira mokoka, ndipo kulira komweko kunkandilimbitsa mtima, chifukwa umachita kumva kuti chinthuchi chagwidwa ndipo sichithawa.

Ndiye tsiku lina, mvula ikupita kumapeto, titafika pamutu pa mtsetse pamene pali mtengo wa masuku, alamu anatembenuza kiyi. Injini zii. Njinga inayamba kutsetsereka yokha, kumangomveka matayala akuphwanya timiyala ndi tcheni chikugunda chitsulo. Ndinaganiza kuti yawonongeka, ndinadikira kuti aima. Sanaime. Mphepo inayamba kulira m'makutu, liwiro likukulirakulira, pakhona iliyonse mabuleki kwiii, tayala lakumbuyo likuthawa pang'ono pansi panga kenako nkugwiranso. Ndinafinya kaliyala mpaka zala zinachita dzanzi. Titafika pansi anailiza, tinapita, ananditula pageti nati, "Muphunzitse bwino, alamu," ngati palibe chimene chachitika. Ine ndinayamba ndakhala pachitsa ndisanalowe mu ofesi.

Mawa lake chimodzimodzi. Mkuja wake chimodzimodzi. Madzulo pokwera kunalibe vuto, poti phiri silikwereka ndi injini yozima, koma m'mawa uliwonse pa msuku paja dzanja lawo linkapita pakiyi.

Chifukwa chake sindinavutike kuchipeza. Inali nthawi imene petulo ankasowa. Kuboma magalimoto ankagona pamzere, akabaza ankagula wa m'mabotolo wochokera kutsidya kwa malire. Ambiri mwa iwo anali atayamba kale kuzimitsa injini pamitsetse kuti mafuta achedwe kutha. Ndinati basi, nawonso alamu alowa gulu. Ndipo zinandipsetsa mtima! Njinga ya amuna anga, mwana wa amuna anga ali m'mimba mwanga, munthu nkumatisewezera pakamwa pa imfa chifukwa cha timadontho ta petulo?

Ndinayesa kulankhula. Tsiku lina ndikutsika panjinga ndinati, "Alamu, bwanji injiniyi izingolira potsikapa? Za mafuta ndiziwonjezerapo ine."

Anayang'ana kumbali, osati m'maso mwanga, monga mwa ulemu wawo. "Ayi alamu, musadandaule. Chonchi ndi bwino."

Anthu osalankhula ndi ovuta, abale. Wolongolola umakangana naye mpaka wina kutopa, koma uyu wangokutsekera chitseko mwaulemu, uyambira pati? Chifukwa chenicheni chimene chikanawagwedeza ndinali nacho pakamwa, koma chinali chomwe chija ndinalumbira kusanena, komanso nkhani ya mimba sukamba ndi akulu a amuna ako. Kukwera kabaza wina kukanakhala kuwanyoza pamaso pa mudzi wonse, ndipo apongozi akanafuna kudziwa chimene chalakwika. Lole ya kabichi ija inali itasiya kubwera. Kuyenda wapansi pamapiri aja kusikelo anali atandiletsa kale, poti ndinapitapo padera. Ndinadandaulira amuna anga pafoni. Anaseka. "Achimwene ndi munthu wosamala kuposa ine, usaope," anatero. Kuseka uli ku Joni nkosavuta.

Mantha aja sanathere pamtsetse, anayamba kunditsata kulikonse. Ndikangomva alamu akukankha njinga kuitulutsa m'nyumba m'mawa, phala linkakana kutsika kukhosi. M'kalasi phunziro loyamba choko chinkangothyoka pabolodi. Ana amene kale ndinkaseka nawo ndinayamba kuwakalipira pa zinthu zopanda pake. Tsiku lina chivundikiro cha ndowa chinagwa pansi, ine kudzidzimuka mpaka kukuwa, kalasi yonse chete kundiyang'ana. Lachisanu poweruka ndinkabwerera kukhala munthu. Lamulungu tikutuluka m'tchalitchi, anthu akupatsana moni, mtima wanga unkakhala utayamba kale kutsika mtsetse wa Lolemba. Ndipo m'mawa uliwonse ndikafika kusukulu, ndisanapereke moni kwa aliyense, ndinkathamangira kuchimbudzi kukayang'ana ngati pali magazi.

Amene anazindikira anali anesi akusikelo, mayi wachikulire wa mawu aakulu, wokonda kukalipa koma wa manja ofewa. Tsiku lina ndinapita m'mawa ndisanalowe m'kalasi, chifukwa nthawi ya buleki tinali ndi msonkhano. Anandimanga lamba wa bipi pamkono, napopa, nayang'ana, nakwinya nkhope. Anamasula namanga mkono winawo.

"Mayi, mwathamanga?"

"Ayi."

"Mwakangana ndi munthu?"

"Ayi."

"Khalani apo. Musalankhule, foni musagwire."

Ndinakhala pabenchi mpaka amayi angapo anayezedwa napita. Atandiyezanso bipiyo inali itatsikako. Anandiuza mosabisa kuti kwa munthu woyembekezera bipi yokwera si masewera, imatha kupha mwana m'mimba, imatha kugwetsa mayi nkukomoka.

"Masiku ena aja mumabwera nthawi ya buleki, imakhala bwinobwino," anatero akutembenuza khadi langa. "Lero mwabwera m'mawa. Kodi m'mawa mumachita chiyani?"

"Ndimatsika phiri."

"Pa chiyani?"

Ndinawafotokozera zonse, za kiyi, za phompho, za kukhala cham'mbali. Anamvetsera osandidula, chinthu chachilendo kwa iwo. Kenako anati, "Tiyeze tione. Sabata ino muzibwera mukangotsika panjingapo, musanakhale pansi. Poweruka muzibweranso."

Ndinachita zimenezo. Alamu akangotembenuza njinga, ine ndinkazemba kudzera kuseri kwa mpanda wa sukulu kupita kuchipatala. M'mawa uliwonse bipi inali pamwamba, mtima ukugunda moti anesiwo ankauona ukudumpha pakhosi panga. Poweruka inkakhala itatsika. Tsiku lina alamu anagona kumaliro ku Kandeu ndi njinga yomwe, ine ndinatsika pangolo ya aneba imene inkapita ndi kabichi kumsewu, kudzera njira yozungulira. Ndinafika mochedwa, fumbi thupi lonse, msana ukuwawa, ndikununkha ng'ombe. Anesi kuyeza, bipi ili bwinobwino. Anayezanso kuti atsimikize, naseka, koma sikunali kuseka kosangalala.

"Mwaona? Nthenda yanu ili ndi matayala awiri. Mapiritsi ake ine ndilibe. Kawauzeni akuchimuna."

"Sindingathe kuwauza."

Anali munthu wakwathu komweko, sanafunse chifukwa. "Ndiye mwanayo mukumubisa kwa afiti nkumakamupereka kuphompho," anatero. "Chabwino. Mimba ndi yanu, mayi."

Ndinatuluka mantha atachuluka kuposa mmene ndinalowera. Kunena ndinkaopa chifukwa cha zija zapoyamba. Kukhala chete ndinkaopa chifukwa cha mtsetse. Tsopano ndinayambanso kuopa mantha anga omwe, poti ndinali nditawaona ndi maso pamakina kuti akufika kwa mwana. Potsika ndinkadziuza kuti usaope, usaope, ukumupweteka, ndipo mtima unkagunda kuposa kale. Ndinayesa kutsinzina, koma kutsinzina kunali koipa kwambiri chifukwa khona imakudzidzimutsa. Ndinayesa kuimba nyimbo zakutchalitchi chamumtima, mawu ake ankandithawa tisanafike pakati. Pomaliza ndinati ndingopirira mpaka mimba ionekere yokha, pamenepo apongozi adzalankhula okha ndi mwana wawo. Koma ine ndine wathupi, ndipo kunali kutayamba kuzizira, juzi ndi chitenje zinkabisa zonse. Anthu ankangoti amadamu akunenepa ndi zakudya za ku Joni.

Tsiku limene tinagwa kunali chifunga, chija cha ku Biriwiri chimene sumuona munthu mpaka atakupatsa moni. Udzu wonyowa, miyala yonyowa, mpando wa njinga wonyowa. Ndinaganiza kuti lero lokha sazimitsa. Pa msuku paja alamu anatembenuza kiyi monga mwa masiku onse, ndipo injini itazima nyali yakutsogolo nayonso inazima. Tinalowa m'chifungamo opanda phokoso, opanda kuwala. Kumanzere kwanga kunalibe madimba, kunalibe kanthu, kuyera kokhakokha, ndipo mapazi anga ankalendewera pamwamba pake.

Ng'ombe sizinatimve, ndipo mkulu amene ankazikusa sanatimve. Injini ikanakhala ikulira akanazikankhira kumbali kalekale. Tinangotulukira pakhona, nyanga zili pamaso pathu, msewu wonse wadzaza misana. Alamu anaponda buleki. Tayala lakumbuyo linathawira kumanzere, ndinaona m'mphepete mwa msewu mukubwera pansi pa mapazi anga, kenako udzu, kenako palibe. Alamu anaponya thupi lawo lonse kumanja, njinga inagwera chakuphiri, ndipo ine, poti ndinakhala cham'mbali, ndinagwa chagada, msana ndi chiuno kumenya m'ngalande.

Kwa kanthawi sindinamve kanthu. Ndinkangoona ng'ombe ina itaima pamwamba panga ikupuma nthunzi. Kenako ululu unabwera m'chiuno, ndipo pansi pa mchombo panakoka, kukoka kumene ndinkakudziwa. Mayo ine! Ndinagwira pamimba ndi manja onse awiri, osasamalanso kuti akuona ndani. Mwanayo anali atayamba kugunda masiku amenewo, timagundidwe tating'ono, makamaka m'mawa. Ndinasiya kupuma kuti ndimumve. Zii.

Alamu anadzikoka pansi pa njinga, buluku litang'ambika pabondo, magazi akutsikira mu nsapato. Sanadziyang'ane nkomwe. Anagwada pambali panga manja ali m'mwamba, osadziwa pondigwira, chifukwa chikwatiwire changa anali asanandikhudzepo. "Alamu! Alamu, lankhulani!" Kanali koyamba kuwamva akukweza mawu. Mkulu wa ng'ombe uja ankangoti pepani, pepani, sindinakumveni ana anga.

"Chipatala," ndinatero.

Awiriwo anandinyamula nkundikhazika panjinga. Ndinadikira kuti alamu akwere. Sanakwere. Anagwira zogwirira, dzanja lina pabuleki, nayamba kuyenda pambali akukankha njinga pang'onopang'ono, akutsimphina, ine ndili pamwamba ngati thumba la chimanga. Mtsetse unali usanafike ndi pakati pomwe. Pamayendedwe amenewo tikanafika dzuwa lili pamutu.

"Alamu, yawonongeka?"

"Ayi."

"Ndiye ilizeni, tichedwa!"

Anapitiriza kukankha, maso ali pansi.

"Alamu, mukundimva? Lizani injini!"

"Igwedeza mwana, alamu," anatero.

Ndinaganiza kuti makutu anga awonongeka ndi kugwa kuja. "Mwati chiyani?"

Sananditembenukire. Analankhula akuyang'ana tayala lakutsogolo, mawu akutuluka movuta ngati akuwasolola. Anati anadziwa kale, kuyambira pamene ndinayamba kutseka mphuno akamathira petulo, ndipo akazi awo anandionanso ndikubenthula dothi pachulu cha kuseri kwa khola. Anati ulendo woyamba uja nditapita padera anthu ananena zambiri, koma iwo mumtima mwawo ankati inali lole ya kabichi ija, kugwedezeka kwake tsiku ndi tsiku. Ndiye mng'ono wawo ali kutali, mwana wasiyidwa m'manja mwawo, injini ikunjenjemera pansi pa mpando pomwe ndakhalapo, akanatani? Pokwera sakanachitira mwina, koma anati bola potsika mwanayo azipumako. Petulo sanali nkhani. "Kukuuzani sindikanatha," anatero. "Si nkhani yoti ine nkulankhula ndi inu."

Mwina munthu wina akanalira ndi chisoni. Ine ukali unandikwera mpaka ndinaiwala ululu. Miyezi yonse ija! Phala lokana kutsika, ana osalakwa amene ndinawakalipira, lamba wa anesi pamkono m'mawa uliwonse, ine kumafa pang'onopang'ono kumbuyo kwa munthu amene akuti akundisamala!

"Inu alamu inu! Mukudziwa zimene mwandichita? Ndakhala ndikufa tsiku lililonse pamtsetse pano! Kuchipatala akuti mantha omwewa ndi amene aphe mwanayu! Chimene chikumupha ndi kuzimitsa kwanuko!"

Anaima. Nkhope yawo inatuwa ngati phulusa. Kumbuyo kwathu mkulu wa ng'ombe uja anali akutitsatira, ndipo m'chifungamo munatulukira amayi ena opita kudimba, makasu paphewa, naima kutiyang'ana. Ndinawaona bwinobwino, ena ndinkatunga nawo pamjigo. Koma pakamwa panali patatseguka kale.

"Inde, ndili ndi mimba! Ndili ndi mimba, mwamva nonse? Ndipo sakugunda! Lizani injini!"

Nditangotero thupi lonse linachita tsemwe. Ndanena. Ndanena pamsewu, mokuwa, pamaso pa anthu, chimene ndinasunga miyezi yonseyo, ndipo ndanena tsiku limene m'mimba mukukoka. Mawu a amayi anga kuseri kwa nkhokwe anandibwerera onse. Mayi wina mwa aja anagwira pakamwa.

Alamu anakwera, naponda, injini inalira. Ndinataya mwendo kutsidya nkukhala motangadza, chitenje chikwere mmene chikwerere, ndipo ndinawagwira m'chiuno ndi manja onse awiri. Msana wawo unauma gwa. Tinatsika pa giya yaing'ono, nyali ikuyaka, hutala akuliza pakhona iliyonse. Ine ndinkangowerengera zinthu zimene zingakhale zitamupha: kugwa, mantha, kapena pakamwa panga. Ndinkadziwa kuti akapita sindidzadziwa chimene chamutenga, ndipo aliyense m'mudzi adzakhala ndi yankho lake.

Pachipatala panali mzere wa amayi akusikelo. Anesi atandiona ndikutsika panjinga matope kumsana sanafunse kanthu, anangokankha chitseko ndi phazi nati, "Lowani." Anandigoneka, nayang'ana kaye ngati pali magazi. Panali timadontho. Anatenga kamakina komvera mtima wa mwana, napaka mafuta ozizira pamimba, nayamba kufufuza.

Kamakinako kankangoti fooo, ngati wailesi yosowa siteshoni. Anasuntha kumanzere. Fooo. Anasuntha kumunsi, nakanikiza mpaka kuwawa. Kunamveka kugunda, ine mtima phaa, koma iwo anapukusa mutu. "Umenewo ndi wanu," anatero. Unali wanga ndithu, ukuthamanga ngati wa munthu wothawa galu. Ndinayang'ana kudenga. Panali banga la mvula pamalata, ndinaliyang'anitsitsa, ndikupempha Mulungu popanda mawu, chifukwa mawu ndinkawaopa tsopano. Anesi anazimitsa kamakinako, nakagogoda pachikhatho, nakayatsanso. Anandiuza kuti nditembenukire kumbali. Panja amayi aja anali atasiya kucheza. Anasuntha pang'ono, nabwerera, naima.

Kenako kunamveka kamtima kena, kutali, pansi kwenikweni, kofulumira kuposa wanga. Anesi sanasunthe dzanja. Anakweza mawu a kamakinako mpaka kugundako kunadzaza chipinda.

"Ameneyo," anatero. "Mwamumva wamakaniyo? Watengera amake."

Ndinalira mokweza ngati kumaliro, moti anachita kundikalipira kuti ndikweza bipi. Anandiuza kuti tisasangalale msanga, timadontho tija tiyambe tatione, ndigone osadzuka, ndipo phiri lija ndisalikwerenso mpaka nditachira. Zinatero ndithu. Mphunzitsi mnzanga anandipatsa chipinda kunyumba kwake pasukulu pomwepo, amayi anga anabwera kuchokera ku Manjawira, ndipo atamva kuti ndinakuwa pamsewu anangopukusa mutu. Miyezi yotsalayo ndinaikhala ndi mtima uli m'mwamba. Mwanayo anabadwa wochepa thupi koma wolira mwamphamvu, mtsikana, ndipo pano amathamangitsa nkhuku pabwalo.

Koma m'mawa umenewo zonsezi ndinali ndisanazidziwe. Ndinali chigonere pabedi, mafuta aja akuuma pamimba, pamene anesi anatsegula chitseko kuti aitanitse madzi. Ndinaona panja. Alamu sanakhale pabenchi ndi amayi aja. Anakhala pansi pasimenti m'mphepete mwa khonde, mwendo atautambasula, magazi atapanga kadziwe pansi pa chidendene. Wothandizira anesi anati wawaitana kangapo kuti akawamange koma akukana, akuti ayambe amva. Ataona chitseko chatseguka anayesa kuimirira, bondo linakana. Anatsegula pakamwa kuti afunse, koma funso lawo linali lomwe lija sangalinene, pamaso pa amayi onse aja. Anangoyang'ana anesi.

"Mtima ukugunda, bambo," anesi anatero mokweza, kuti aliyense amve.

Alamu anavula chipewa nachiphimba kumaso. Mapewa aakulu aja anayamba kugwedezeka. Sanatulutse mawu, koma khonde lonse linaona, ndipo amayi aja mmodzimmodzi anayang'ana kumbali kuti awapatse ulemu. Ine ukali unali usanandithere. Ndinali nawo mawu ambiri amene ndinawakonzera pamtsetse ponse paja, ndipo ndinadzutsa mutu papilo kuti ndiyambe.

"Anesi," ndinatero, "kawamangeni bondolo, ataya magazi ambiri."